Logic ndi SQL: yankho kwa wophunzira wa ku Matero

Wophunzira zamakompyuta wina wa ku Matero wanditumizira imelo. Akuti: "Aphunzitsi atidyetsa logic temu yonse, zizindikiro zokhazokha, chonsecho kuntchito amangofunsa SQL. Kodi sakutitayira nthawi?"

Ayi achimwene, sakukutayirani nthawi. SQL mukuithamangirayo, chilankhulo chofunsira deta yosungidwa mu kompyuta, inabadwira mu logic momwemo, phunziro la malamulo a zoona ndi zabodza. Mu 1970 Edgar Codd wa kukampani ya makompyuta ya IBM anati deta izisungidwa m'matebulo, mzere uliwonse uziwerengedwa ngati chiganizo choona: uje anagula chakuti. Mu 1972 anaonetsa kuti funso lolembedwa mongofotokoza chimene ukufuna, relational calculus, lingasandutsidwe masitepe ofufuzira m'matebulo, otchedwa relational algebra. N'chifukwa chake inu mumangolemba SELECT (chimene mukufuna) ndi WHERE (zoyenera kukwaniritsidwa), njira yofufuzira kompyuta imasankha yokha. Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anamanga SEQUEL pamaziko amenewa mu 1974, ndiyo SQL ya leroyi.

Tiyerekeze kuti mwalembedwa ntchito pasitolo yoodetsa katundu ku Kamwala. Bwana akafunsa kuti ndani anagulako shuga, n'zosavuta. Tsiku lina adzati, "Ndi makasitomala ati anagulapo mtundu uliwonse wa katundu wathu?" Apa ambiri amagwira njakata, poti SQL ilibe FORALL, liwu la mu logic lotanthauza "chilichonse". Wodziwa logic amangolitembenuza funsolo: tikufuna kasitomala amene palibe katundu yemwe sanamugulepo. Ndiye NOT EXISTS ("palibe") kawiri, imodzi mkati mwa inzake. Ena amazemba powerenga ndi COUNT. Zimatheka, koma wina akagula shuga kawiri inu n'kuiwala DISTINCT yochotsa zobwerezedwa, nambalayo ikunamizani masanasana.

Pali pena pamene SQL inapatuka, ndipo ine sindinapakondepo. Logic ya m'kalasi imadziwa zoona ndi zabodza basi. SQL ili ndi chachitatu, UNKNOWN ("sizikudziwika"), chobwera ndi NULL, chizindikiro cha malo amene sanalembedwe kanthu. Kalaliki angosiya nambala ya kasitomala osalemba palisiti imodzi yokha. Mukafunsa ndi NOT IN ("sali pamndandanda") kuti ndani sanagulepo kanthu, tebulo lituluka lopanda mzere ndi umodzi womwe, kompyuta osadandaula chilichonse. Chifukwa chake n'chakuti kuyerekeza nambala ndi NULL sikubala zoona kapena zabodza, pomwe WHERE imangolowetsa zoona zokha. Bwana akhulupirira kuti aliyense anagula. Pamalo otere lembani NOT EXISTS, apo ayi sefani ma NULL kaye ndi IS NOT NULL.