Breaker ikamagwa kawirikawiri, musathamangire kugula yaikulu

Mayi ena a ku Chilenje andilembera pa imelo kuti breaker ya 20A (ma ampu 20) ya masoketi a kukhitchini kwawo imagwa m'mawa pamene ketulo, sitovu ya mapuleti awiri ndi simbi yositira zovala zayatsidwa pamodzi. Wogulitsa wina ku Kamwala wawalangiza kuti aikepo ya 40A, ndipo akufunsa ngati angatero.

Mayi, musatero. Breaker yaing'ono ija, imene amisiri amaitcha MCB, imasankhidwa poyang'ana waya amene wakwiriridwa m'khoma, chifukwa ntchito yake ndi kudula magetsi wayayo asanatenthe mpaka kusungunula pulasitiki yake. Masoketi ambiri amalumikizidwa ndi waya wa 2.5mm², amene pa mzere umodzi amayenera breaker ya 16A kapena 20A. Mukaikapo ya 40A, kugwa kuja kudzathadi, koma wayayo adzayamba kupsa mkati mwa paipi momwe diso silifika, ndipo mudzazindikira mutamva kale fungo.

Tiyeni tiwerengere. Magetsi a ZESCO amafika m'nyumba pa 230V, choncho mawati olembedwa pansi pa chipangizo mukawagawa ndi 230 mumapeza ma ampu. Tinene kuti ketulo ndi ya 2,200W, sitovu 2,500W, simbi 2,000W: zonse pamodzi ndi 6,700W, kutanthauza ma ampu 29 pa mzere wa 20. Mkati mwa breaker muli kachitsulo kamene kamapindika kakatentha, n'chifukwa chake siigwa nthawi yomweyo koma patapita mphindi zingapo, phala lili pamoto. Breaker yanu sinawonongeke, ikugwira ntchito yake. Mankhwala ake ndi kukokera sitovu mzere wakewake kuchokera pa bolodi, bokosi lija mokhala ma breaker onse, kapena kusita ketulo itazima. Sitovu yaikulu ya uvuni imafuna waya wa 6mm² ndi breaker ya 32A, pamene mababu amakwanira ndi 1.5mm² ndi 6A kapena 10A.

Kutsogolo kwa nambala ya pa breaker kumakhala chilembo, monga B20 kapena C20, chimene ogula ambiri sachiyang'ana. Chimanena za kugwa kwadzidzidzi: B imagwa pomwepo magetsi akachuluka katatu mpaka kasanu kuposa nambala yake, C kasanu mpaka kakhumi, D kakhumi mpaka makumi awiri. Amene ali ndi pampu ya pachitsime, ndipo mu Lusaka muno ndi ambiri, asankhe C, popeza mota imakoka magetsi ochuluka poyamba kuzungulira. D isiyireni a mashini owotcherera zitsulo.

Yang'ananinso kabokosi kolembedwa 6000, kusonyeza kuti breaker imatha kudula ma ampu 6,000 mawaya akagundana, komanso chizindikiro cha IEC 60898, muyezo wa padziko lonse wa ma breaker a m'nyumba. Yopepuka modabwitsa m'manja ndiponso yofufutika zilembo ndimaikayikira, ngakhale italembedwa dzina lodziwika.

MCB siteteza munthu wogwidwa ndi magetsi. Imeneyo ndi ntchito ya earth leakage ya 30mA, breaker yodula magetsi akayamba kudutsira pansi kapena m'thupi la munthu, yokhala ndi batani loyesera. Ngati munaika sola chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, mbali ya mapanelo ndi mabatire imafuna breaker ya DC, mtundu wa magetsi a mapanelo ndi mabatire, pakuti ya AC, mtundu wa magetsi a ZESCO, ikhoza kulephera kuzimitsa moto umene umabuka podula. Mmisiri wovomerezeka akabwera, mum'pemphe ayambe watsimikiza kukula kwa waya wa kukhitchini ndi kumanga zomangira zonse za pa bolodi, chifukwa waya wokhwefuka amatenthetsa breaker n'kuigwetsa ngakhale zipangizo zoyatsidwa zili zochepa.