Mwana wanga akufuna udokotala wa kumudzi, kodi si kutaya mapoyinti kumeneku?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi ena a ku Chilomoni, ndaufupikitsa pang'ono: "Mwana wanga wamkazi ali fomu 4, sayansi amakhoza kwambiri moti aphunzitsi akuti atha kupeza mapoyinti abwino. Akufuna udokotala koma akuti osati wa ku Gulupu, akufuna akagwire chipatala cha kumudzi ngati dokotala wa za mabanja. Ine ndikuona ngati kutaya mwayi. Komanso nthawi yambiri akuthera ku kwaya ndi ku netibolo, ndamuuza asiye zonsezo. Tithandizeni."

Mayi zikomo polemba, ndipo nkhawa yanu ndikuimvetsa chifukwa ife a mu Blantyre tikamva kuti dokotala maso athu amaona Gulupu basi. Boma la Blantyre lilibe chipatala chake cha boma ngati mmene zilili ku Thyolo kapena ku Mulanje, nde munthu akakanika ku Zingwangwa, ku Ndirande, ngakhale ku Lirangwe kapena ku Mdeka, amangomutumiza ku Queen Elizabeth, kumene timati ku Gulupu, ndiye tinazolowera kuti dokotala weniweni ndi uja wa mu wodi ya ku Gulupu ndipo wa kumudzi ndi amene zinamukanika. Ayi mayi, sizili choncho. Chimene mwana wanu akutchulacho, Family Medicine, ndi ukatswiri pawokha, digiri yachiwiri imene munthu amaiwerenga atatha kale udokotala, mofanana ndi amene amapita ku maopareshoni kapena ku matenda a ana.

Njira yake ili chonchi. Choyamba MSCE, ndipo apa palibe chidule, akufunika makirediti asanu ndi imodzi ndipo Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi zikhale zowala kwambiri chifukwa malo ndi ochepa, ofuna ndi ambirimbiri. Amafunsira kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, monga mayunivesite onse a boma, nkusankha KUHeS, yunivesite ya maphunziro a zaumoyo imene inayamba kugwira ntchito mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. College of Medicine yo inayamba mu 1991, ndipo malo ake, amene tsopano ndi a KUHeS, ali pompano pa Mahatma Gandhi Road moyandikana ndi Gulupu. Akasankhidwa pali chaka chokonzekera, kenako zaka 5 za MBBS, digiri yoyamba ya udokotala, kenako miyezi 18 ya internship, kugwira ntchito moyang'aniridwa pa chipatala chachikulu, asanalembedwe mokwanira ndi Medical Council of Malawi. Apo tsopano ndi dokotala, ambiri amayamba agwira kaye ntchito, nkudzabwerera kukawerenga MMed, digiri yachiwiri ija, ya Family Medicine zaka zina 4. Maphunziro amenewa anayamba mu 2015 ndipo ophunzira ake amaphunzirira pa chipatala cha boma cha Mangochi ndi pa chipatala cha mishoni cha Nkhoma, dala, kuti aphunzire pamalo ofanana ndi kumene akagwire. Muwerengetsere nokha, ndi zaka zopitirira 11 kuchokera fomu 4. Munthu wothawa sukulu sangasankhe njira imeneyi.

Nde ntchito yakeyo ndi yotani? Tangoganizani chipatala cha boma kutali ndi tauni, usiku ambulansi yabweretsa mayi kuchokera ku helefi senta, wakhala akuvutika kuyambira masana mwana sakutuluka, ku Gulupu ndi maola angapo pa mseu woti mvula ikagwa galimoto imatitimira. Palibe katswiri wa azimayi pamenepo, amene alowe mu fiyeta kukachita opareshoni ndi dokotala wa Family Medicine pamodzi ndi makiliniko ofesa ndi anamwino ake. Kukacha yemweyo ali mu wodi ya ana kuona kamwana ka malungo kamene magazi atha, kenako agogo a BP ndi shuga amene akumwanso ma ARV ndipo mankhwala onsewo akufunika agwirizane m'thupi limodzi, masana wakwera galimoto kupita ku helefi senta kukaphunzitsa ma medical assistant ndi kukambirana ndi alangizi a zaumoyo chifukwa chake mudzi wakuti ukungobweretsa ana otsegula m'mimba. Katswiri wa ku Gulupu amadziwa chinthu chimodzi mozama kwambiri, ndipo timamufuna, koma uyu amayenera kudziwa zambiri mokwanira kuti munthu asafere panjira, komanso adziwe nthawi yoti apa ine ndalekeza, uyu apite ku Blantyre. Ku Neno, kumene a Abwenzi Pa Za Umoyo akhala akugwira ndi boma kuyambira 2007, anaika odwala HIV, BP, shuga, mphumu ndi khunyu mu kiliniki imodzi kuti munthu asamayende mtunda wautali kawiri katatu pa mwezi chifukwa cha matenda osiyana. Kaganizidwe kameneko ndi kamene mwana wanu akukafuna, kuona munthu yense ndi banja lake, osati chiwalo chimodzi.

Sindikunamizani kuti kuli zokoma zokhazokha. Magetsi amazima, netiweki imavuta, mankhwala ena amatha, sukulu yabwino ya ana ako imakhala kutali, malipiro a boma si oti munthu ungalemere nawo ndipo zimachitika kuti omaliza maphunziro amadikira kaye asanalembedwe ntchito. Nthawi ya kolera ija ya 2022 mpaka 2023 ndi pamene namondwe wa Freddy anagwa mu Malichi 2023, ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma anaona zowawa zenizeni. Zimenezi mwana wanu azidziwe pano.

Tsopano za kwaya ndi netibolo, apa mayi ndikupempheni mundimvetsere bwino chifukwa ndi pamene ndikusiyana nanu kwambiri.

Madokotala amene ndawaona akukhalitsa kumudzi, osathawa chaka chisanathe, onse anali ndi kena kake kawo kunja kwa chipatala. Wina ndi dimba, wina mpira, wina kukwera phiri la Mulanje akapeza tchuthi, wina kuweta nkhuku. Pali mmodzi amene ndinamuyendera pa chipatala china cha mishoni kuno kummwera, ndinamupeza madzulo kuseli kwa nyumba yake wavala nsapato za jombo, kheni m'manja akuthirira mpiru ndi tomato, foni waiika pa chitsa kuti akamuitana ku wodi amve. Anandiuza kuti tsiku limene wataya wodwala samalankhula ndi munthu kaye, amalowa m'dimbamo kuzula udzu mpaka mtima utakhala pansi, kenako nde alowe m'nyumba kukaona ana ake. Lachinayi lililonse ankapita ku kwaya ya pa mpingo, ndipo kumeneko sanali adokotala, anali wa tenala amene akalakwitsa amadzudzulidwa ngati wina aliyense. Tsiku lina atamaliza kuimba mayi wina wa mu kwaya momwemo anamukokera pambali nkumuuza monong'ona za mwana wake amene amagwa, wakhala akumubisa m'nyumba zaka chifukwa anthu amati ndi zolodza ndipo kuchipatala ankaopa kukafotokoza pagulu. Anali khunyu. Mwanayo anayamba mankhwala, kugwa kuja kunachepa mpaka anabwerera ku sukulu. Mayi ameneyo sakanakalankhula pa mzere wa kuchipatala, analankhula chifukwa anaimirira limodzi ndi dokotalayo miyezi yambiri akuimba nyimbo imodzi.

Nde mukati asiye kwaya mukumuchotsera chida chimene adzachifune kwambiri pa ntchito yomwe akuifunayo. Kumudzi anthu sakhulupirira satifiketi yokha, amakhulupirira munthu amene amamuona pa maliro, pa mpira, pa tchalitchi kapena pa mzikiti. Komanso sukulu ya udokotala ndi yolemetsa, ana anzeru kwambiri amafika poti mutu wadzadza, usiku sagona, ena amagwera m'mowa, ndipo amene amapirira nthawi zambiri ndi aja ali ndi kopumira. Netibolo imamuphunzitsanso kugwira ntchito ndi anzake, chifukwa mu fiyeta simukhala munthu mmodzi, ukanyoza namwino kapena kiliniko ofesa amene wagwira pamalopo zaka 20 ntchito yako yonse imaima.

Sindikunena kuti azingoyendayenda ayi. Chaka chino ndi cha mayeso, nde gwirizanani, asankhe masiku, mwina kwaya kamodzi pa sabata ndi Lamulungu, netibolo Loweruka mmawa, kwinako ndi mabuku, ndipo mayeso a moko akaonetsa kuti Chemistry kapena Masamu zatsika muchepetsenso. Kuchepetsa, osati kuletseratu. Ndaonapo ana amene analetsedwa chilichonse, ankakhala pa tebulo maola ambiri buku lili chotsegula koma maganizo ali kwina.

Pano ndilankhule ndi iwe mwana wanga, poti ndikudziwa amayi akuonetsa yankholi. Maganizo ako ndi abwino ndipo usachite nawo manyazi anzako akamati iwo akufuna kudzakhala ma surgeon ku Johannesburg kapena ku London. Koma ndikufunse, kumudzi ukukunenako unakhalako? Osati kupita kwa agogo pa Khirisimasi masiku atatu, ndikunena kukhala. Ukamaliza mayeso pempha amayi akuperekeze pa chipatala chimodzi cha mishoni chapafupi, Mlambe ku Lunzu kapena St Joseph's ku Nguludi, mukapemphe kwa akuluakulu ngati angakulole kucheza ndi dokotala kapena kiliniko ofesa ngakhale ola limodzi. Odwala sangakulole kuwagwira, ndipo nkoyenera, koma ukhoza kufunsa mafunso, amagona maola angati akakhala pa kolo poyembekezera kuitanidwa usiku, ana awo amaphunzira kuti, chimene chimawasangalatsa ndi chiyani, chimene chinawaliritsapo ndi chiyani. Ukamvetsere ndi fungo la mu wodi lomwe, chifukwa ena amazindikira tsiku lomwelo kuti iyi si yanga ndipo palibe cholakwika.

Yambanso kutchera khutu ku zilankhulo. Ukakapezeka ku Mangochi agogo adzakufotokozera ululu wawo mu Chiyao, ku Nsanje mu Chisena, ndipo dokotala amene amatha ngakhale kupereka moni ndi kufunsa pamene pakupweteka mu chilankhulo cha wodwala amamva zambiri kuposa wodalira womasulira. Mu Blantyre muno muli anthu a zilankhulo zonsezi, mwina mu kwaya mwanu momwemo, afunse akuphunzitse.

Usatsekenso zitseko zina. Sukuyenera kusankha Family Medicine lero, chisankho chimenecho chidzabwera utatha MBBS, ndipo uli mkati mwa maphunziro mudzapita ku maboma kukaiona ntchitoyi ndi maso, nde udzadziwa bwino. Ndipo mapoyinti akapanda kukwana udokotala usadzione ngati watha, pali dipuloma ya ukiliniko ofesa ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo ku Makwasa, zaka 3 kenako internship, ndipo kunena zoona makiliniko ofesa ndi amene anyamula zipatala za m'maboma m'dziko muno kwa zaka zambiri, ena amadzapitiriza mpaka digiri. Polemba fomu ya NCHE uikeponso mapulogalamu ena a zaumoyo amene ungawakonde, osati MBBS yokha. Za fizi, ukasankhidwa ku yunivesite pali ngongole ya ophunzira ya ku Loans Board, mapepala ake muyambe kuwasonkhanitsa msanga osadikira tsiku lomaliza.

Mayi, zotsatira za moko zikatuluka munditumizire magiredi a Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, tidzaone limodzi pofunika kulimbikira miyezi yatsalayi ndi mapulogalamu oti adzalembe pa fomu. Ndipo Lachinayi likubwerali muloleni apite ku kwaya.