Big walk yanuyo chonde musaiyike pa M1

Achimwene, mwafunsa zambiri, za masiponsa, matisheti, mphoto, komanso ngati big walk yanu yomangira buloko ya sukulu ija chaka chino ingakhale ndi mpikisano wothamanga, kuyambira pa Bembeke turn-off kudzathera pa Dedza boma potsata msewu wa M1. Za masiponsazo akuyankheni ena odziwa, ine ndinena za msewu chifukwa ndi zomwe ndinaziona ndi maso angawa.

Ife kuno ku Ntcheu tinayambanso choncho. Kagulu ka kutchalitchi basi, amayi atavala chitenje chimodzi, ana a Sande sukulu, kansalu kolemba ndi penti patsogolo, zitini m'manja. Nthawi imeneyo panalibe vuto, anthu ochepa amayenda mothithikana, wapolisi mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, galimoto ikamabwera tonse tapatuka. Koma zinthu zimenezi zikayenda bwino kamodzi zimakula zokha, masukulu oyandikana nawo afuna kulowa, mipingo ina, anyamata a mpira, a kabaza, ndiye anyamatawo n'kumati ife kuyenda kokha ayi tikufuna kuthamanga pakhale wowina. Mpikisano unalowa choncho, ndipo ndalama zinachulukadi, sindikana.

Chimene anthu saganiza n'chakuti othamanga ndi oyenda si gulu limodzi. Mluzu ukangolira, pakatha mphindi 15 mzere watalika makilomita angapo, galimoto ya apolisi yapita ndi akutsogolo, ndipo otsala m'mbuyo ndi agogo, amayi obereka ana ndi tiana ta zitini tija, opanda wowayang'anira. Chaka chimene chinakula kwambiri kwathu kunali chifunga, kuona patali osatheka. Kamtsikana kena ka sitandade 4 kapena 5 kanaona munthu akutulutsa K200 pawindo la minibasi tsidya lina la msewu, kanangodumphira mumsewu osayang'ana, uku thiraki ikutsetsereka. Dalaivala anaponda buleki mpaka matayala kununkha, chitini chinagubudukira pansi pa thirakiyo ndalama mbwee pa tara. Mwanayo sanavulale, Mulungu yekha, koma mayi ake anangokhala pansi m'mbali mwa msewu kulira osatha kuimanso, ndipo makolo ambiri chaka chotsatira anakaniza ana awo. Mpaka lero ndikamva buleki ya thiraki mtima umandigunda.

M1 ndi msewu wa Lilongwe ndi Blantyre, mabasi akuluakulu, mathiraki a mafuta, a katundu wochokera ku Mozambique, zonse zimadutsa pomwepo, ndipo m'mbali mwake muli kale njinga, ngolo ndi ogulitsa. Palibe amene angakutsekereni msewu umenewu maola atatu chifukwa cha buloko ya sukulu. Inu a ku Dedza muli ndi mwayi woti tauni yanu ili pambali, msewu wolowa pa boma umapatuka pa M1 n'kukatulukiranso pa M1, ndiye mungathe kuyambira pa stediyamu, kuzungulira m'tauni ndi mbali ya ku Dedza Pottery, n'kudzathera pa stediyamu pomwepo osaponda msewu waukulu. Kuyambira ndi kuthera malo amodzi kumachotsanso mutu wa thiransipoti, palibe zosaka lole yokatula anthu poyambira, majuzi ndi zikwama zimatsala pomwepo. Ndikudziwa mudzati pa M1 ndi pamene pali ndalama za apaulendo. Ikani akuluakulu anayi ovala ma reflector pamalo amodzi pomwe apolisi avomereza, apemphe atayima. Mwana asagwire chitini pamsewu, chonde.

Othamanga anyamuke okha m'mawa, oyenda adikire mwina theka la ola. Pa mphambano iliyonse pakhale munthu wa kansalu kofiira, ndipo asachoke mpaka womaliza atadutsa, chifukwa anyamata amakonda kuthawa pamalo kukaonerera wowina. Galimoto yofunika kwambiri ndi yakumbuyo, pikapu yokhala ndi matiresi, zigubu za madzi, Thanzi ORS ndi munthu wodziwa chithandizo choyamba, a Red Cross mukawapempha nthawi ilipo amathandiza. Kalata kwa a DC ndi kupolisi ipite kudakali masabata awiri, mfumu ya dera limene mukudutsa muyiuzenso, ndipo pa bajeti muikepo mafuta a galimoto zoperekeza ndi chakudya cha othandiza, musadzadabwe tsiku lomwelo.

Ndaona ena akukuuzani kuti dindani matisheti, gulani mamendulo, itanani DJ, zikhale ngati Be More Race ya ku Lilongwe. Abale, mpikisano umene uja kumbuyo kwake kuli Standard Bank, Mother's Fun Run kumbuyo kwake kuli a Nation Publications, inu kumbuyo kwanu kuli komiti ya sukulu. Ngakhale Porters Race ya ku Mulanje inayamba ndi onyamula katundu m'phiri okhaokha, ena anadzalowa pambuyo pake. Tisheti yodinda panopa sindikhulupirira kuti ingatsike K10,000, mwina yakweranso mmene zinthu zikukwereramu. Anthu 200 ndi K2 miliyoni imeneyo, matumba angati a simenti? Ngati siponsa wabwera nawo yekha landirani, koma osachotsa pa ndalama za buloko. Manambala lembani pa nsalu yoyera kapena pepala lolimba ndi cholembera cha maka, mapini awiri, zatha. Kulembetsa akuluakulu mwina K3,000 mpaka K5,000, ana asukulu K500 kapena ulere, mukakweza kwambiri adzathamanga ndi obwera okha eni mudzi n'kumaonerera. Mphoto ikhale yofanana ya amuna ndi akazi, ndipo muinene poyera musanayambe.

Ndalama muwerenge tsiku lomwelo pamaso pa anthu, za zitini, za mafomu, za Airtel Money ndi Mpamba, msungichuma alengeze pa chimkuzamawu anthu asanabalalike. Chaka chamawa anthu amabwera ataona khoma litakwera.

China, mwatchula kuti ichitike mu Julaye. Dedza mukuidziwa nokha mmene imazizirira Juni ndi Julaye, ndiye chifunga chija ndi nthawi yake, ana amafika milomo ili gwaa. Ine ndingasankhe kumapeto kwa Ogasiti kapena Seputembala kusanatenthe, koma muonenso kuti masukulu ali otsegula, komanso lisakhale tsiku la msika. Anzanu ochokera ku Salima kapena ku Balaka muwachenjeze kuti tauni ya Dedza ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, mpweya umathera msanga pokwera, asayambe ndi liwiro. Pothera pakhale tiyi wotentha ndi mbatata kapena nthochi, amayi a komiti akhoza kugulitsanso mandasi ndi thobwa phindu n'kulowa m'thumba lomwelo. Mukakonza njira yanuyo muyiyende kaye wapansi nokha pa ola lomwe mudzayambire, muone pamene pali ngalande, njinga zamoto ndi agalu, kenako mukaionetse kwa a trafiki musanadinde mapositala.