Lumo la agogo lachita dzimbiri, kodi lingametenso?

Wowerenga wina wandilembera imelo kuti wapeza lumo lopinda la malemu agogo ake. Palembedwa Wade & Butcher, Sheffield, koma lachita dzimbiri ndipo labunthiratu. Akufunsa ngati angalipititse pa makina onolera mipeni kuti liyambenso kumeta.

Pa makina ayi, chonde. Kokuthwa kwa lumo n'kopyapyala ngati pepala, sikuchedwa kutentha. Mukangoona chitsulo chasanduka chabuluu, dziwani kuti chafewa ndipo sichidzasunganso kuthwa.

Lumo muli nalolo si lamasewera. Sheffield, mzinda wa ku England, ndiye anali kuchimake kwa malumo m'zaka za m'ma 1800, monganso Solingen ku Germany ndi Thiers ku France. Ngati palibe mawu akuti England pansi pa Sheffield, n'kutheka kuti linasulidwa chisanafike chaka cha 1891, pomwe America inayamba kufuna kuti katundu wolowa azilembedwa dziko lochokera.

Musanagule kalikonse, liunikeni kokuthwako. Dzimbiri la pamimba silindidetsa nkhawa: sandipepa wa 400, kukwera pang'onopang'ono mpaka 2000 (nambala ikamakula, sandipepayo amakhala wosalala), ndi kadontho ka mafuta, limachoka. Madontho akuda otsalira asiyeni, ine ndimawakonda. Koma dzimbiri likadya timaenje m'mphepete mwenimweni, mudzanola mpaka timaenjeto titatha, apo ayi lumo lizingobenthuka. Likakhala ndi mng'alu, ingolisungani ngati chikumbutso. Onaninso chigwiriro. Chikakhala cha celluloid, pulasitiki yakalekale, n'kuyamba kuwola, chimatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo, ndipo dzimbiri lake limatsata pomwe pabisika lumo likapindidwa. Chotero chichotseni msanga.

Tsono kunola. Lumo silinoledwa ngati mpeni. Msana wake ndi kokuthwa zonse zimagona pamwala nthawi imodzi, chifukwa kunenepa kwa msanawo ndiye kumapereka kapendekedwe koyenera, pafupifupi madigiri 16. Thirani madzi, kankhani kokuthwa kuli patsogolo, mopingasa ngati X, kenaka tembenuzirani pamsana n'kubwerera. Ena amamata tepi pamsana kuti usaperepeseke. Pa lumo lakale lonenepa ngati lanulo, nanenso ndimatero.

Miyala yonolera nayonso ili ndi manambala ngati sandipepa, ndipo ntchito yonse ili pa mwala wa 1000. Apa m'pomwe anthu amathamanga, poti mwala wa 8000 umanyezimiritsa bwino ndipo mtima umakhala m'malo. Koma ngati mbali ziwiri za kokuthwako sizinakumane kuchokera kunsonga mpaka kutsinde, mukungopukuta chinthu chobuntha. Ine lumo langa loyamba ndinalisisita madzulo atatu pa mwala wosalala, kulimetera, ndevu zili chilili, tsaya lokha lofiira. Pakani inki ya maka m'mphepete, kankhani kawiri katatu, muone pomwe inki yatsala: pamenepo mwala sunafikepo. Musachoke pa 1000 mpaka lumo litameta ubweya wa pamkono paliponse m'litali mwake. Zikatero, 4000, 8000, ndi 12000 ngati mulinawo, kapena coticule, mwala wachilengedwe wa ku Belgium, dzanja likupepukirapepukira.

Pomaliza ndi kulisisita pa lamba wachikopa. Apa msana ndiye umatsogola, mukalakwitsa mudula chikopacho. Maulendo 50 akwana. Mukameta, lipukuteni liume bwino musanalipinde, chifukwa chitsulo cha kaboni chimachita dzimbiri usiku umodzi wokha.