Lole yanga ya asilikali sikukoka pamtunda: kodi nditsegulitse pampu?

FUNSO: Amakaniko, ndine wamalonda wa ku Makwasa kuno ku Thyolo. Chaka chatha ndinagula lole ya Leyland DAF T244, zija zinkagwira ntchito kwa asilikali a ku Britain. Ndinaigula chifukwa nthawi ya dzinja magalimoto ena safika kuminda komwe ndimapikula nthochi ndi mapolo. M'matope ndilibe nayo mawu. Koma ikangoponda tala imakhala ngati yamangidwa miyendo. Ndikanyamuka pa Thyolo boma kukwera ku Bvumbwe nditasenza, ndimangokhalira giya 2 ndi 3, maminibasi akundiimbira hutala kumbuyo. Miyezi iwiri yapitayi yawonjeza: pokhota chiwongolero chimalemera, matayala akutsogolo amalira ndi kudumphadumpha, ndipo ndikachotsa phazi pamoto pansi pamamveka kuti gu! Dizilo ikumwanso kwambiri. Mnyamata wina wa pagalaja akuti nditsegulitse pampu ya dizilo kuti izipereka mafuta ambiri. Kodi nditero? — Wowerenga wa ku Makwasa, Thyolo

YANKHO: Bambo, pampuyo isiyeni kaye, musalole aliyense kuikhudza ndi sipanala. M'kalata yanuyi muli zinthu ziwiri: chibadwa cha loleyo, ndi matenda amene yadwala posachedwapa. Mnyamatayo wazisakaniza.

Chibadwa chake ndi ichi. T244 ili ndi injini ya Cummins ya malita 5.9, ya masilinda 6, yotulutsa mphamvu pafupifupi 145 horsepower. Hilux ya masiku ano ya malita 2.4 ili ndi mphamvu pafupifupi zomwezo, koma Hilux imalemera matani awiri, pomwe lole yanu ikakhala yopanda kanthu ili kale cha m'matani 6. Mukaika matani 4 amene anaipangira, injini yomweyo ikukoka matani 10. Komanso moto wake sufika kumatayala molunjika. Umadutsa mu giyabokosi, kenako mu transfer box (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo), m'ma propshaft (zitsulo zazitali zozungulira pansi pa lole), mu dif yakutsogolo ndi yakumbuyo (magiya ogawa mphamvu ku matayala a kumanzere ndi kumanja), kenako n'kumazunguza matayala olemera a saizi 12.00 R20, ndipo ponseponse pamatsalako kamphamvu. Anaipanga kuti iyende pamndandanda ndi zinzake, idutse m'matope ndi m'mitsinje, ndipo ngakhale yatsopano liwiro lake linkathera cha pa 89 km pa ola. Ndiye kukwera mtunda wa ku Bvumbwe mu giya 3 mutasenza si matenda. Ine ndinakulira pa lole ya Bedford MJ, ya malita 5.4 ndi mphamvu zongopitirira pang'ono 100 horsepower, ndipo pamitunda yomweyo ana a sukulu ankatha kutiwerenga matumba a pamwamba tisanadutse. Maminibasi aziimba, inu patukani pamalo abwino adutse.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi cha miyezi iwiri yapitayi. Chiwongolero kulemera pokhota, matayala kulira ndi kudumpha patala, dizilo kutha msanga, zonsezi zikuloza malo amodzi: diff lock ya pakati, loko womanga kutsogolo ndi kumbuyo kuti zizizungulira mofanana, inakanirira ili yotseka.

T244 imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse. Mu transfer box muli dif yachitatu imene imalola kutsogolo ndi kumbuyo kuzungulira mosiyana, chifukwa pokhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Mukatseka diff lock, kusiyanako kumatha. M'matope zimenezi n'zabwino, tayala limaterereka pang'ono, zinthu n'kumasuka. Patala palibe poterereka. Ma propshaft amayamba kupotana ngati chingwe chokolowekera mbuzi ikamazungulira chikhomo, kutsogolo kukukokera kwake, kumbuyo kukukokera kwake, injini n'kumalimbana ndi galimoto yake yomwe. Msewu wa ku Makwasa ndi makona okhaokha, ndiye taganizani mmene zitsulozo zikuvutikira pa ulendo umodzi. Musadalire kanyali ka pa dashibodi. Ndaonapo kangapo babu atapsa, kapena switchi itabwerera koma m'kati simunamasuke.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Imikani lole pamalo osalala, ikani miyala kumatayala akumbuyo mbali zonse, giya ikhale pa nyutulo, handibuleki yomasula, diff lock yozimitsa. Kwezani tayala limodzi lakutsogolo ndi jeke yamphamvu. Apa samalani kwambiri, pasakhale munthu wogwira tayalalo, chifukwa ngati zitsulo zapotana limazungulira lokha mwadzidzidzi likangochoka pansi, ndipo likhoza kuthyola munthu dzanja. Likakhazikika lizungulizeni ndi manja. Ngati likuzungulira ndithu, ngakhale molemera, dif ya pakati ili bwino. Ngati likungoyenda pang'ono n'kugunda, kubwerera n'kugundanso, propshaft ikugwedezeka koma osazungulira, diff lock ndi yotseka. Nthawi zina imamasuka mukabwerera mmbuyo mamita angapo molunjika pamsewu wafumbi. Ikakana, makaniko aone chimene chimaikankha pa transfer box ndi timapaipi take, chifukwa dothi lofiira la kwanuko likauma limagwira ngati simenti.

Muonenso matayala. Ambiri tikaphulitsa limodzi timangogula lililonse la rimu 20 lomwe tapeza ku Limbe. Pa lole yokoka konsekonse, 11.00 kutsogolo ndi 12.00 kumbuyo, kapena latsopano mbali ina lakutha mbali ina, zimagwiritsa dif ntchito ngakhale pamsewu wowongoka, ndipo ngati diff lock yatseka kupotana kuja kumabwera msanga.

Phokoso la gu lija ndi mpata m'zitsulo. Lowani pansi injini itazima, mugwire propshaft iliyonse, muipotoze uku ndi uku. Ma universal joint, mfundo za kumapeto kwa propshaft, ngati akuseweraseweka kapena pakutuluka fumbi la dzimbiri, atha. Sinthani msanga. Propshaft ikaduka muli paulendo imamenya chilichonse pansipo, mapaipi a mabuleki omwe. Ndipo girisi muziika mukangochoka m'matope kapena kuwoloka madzi, osadikira sevisi.

Zimenezi zikakonzedwa koma mukuonabe kuti ikulephera pomwe kale inkakwera, funsani utsi, umanena zoona. Mukaponda moto pamtunda n'kumatuluka utsi wakuda bii, injini ikusowa mpweya. Tsegulani air filter, ndipo muone mapaipi a turbo ngati sanang'ambike kapena kumasuka pamakilampu. Ngati utsi palibe koma lole ikufooka pakati pa mtunda, kenako mukaima pang'ono n'kudzukanso, imeneyo ndi njala ya dizilo. Malole awa ambiri anakhala zaka ali chiimire asanagulitsidwe, ndipo m'thanki mumakhala dzimbiri, madzi ndi matope akuda. Onjezanipo dizilo wa m'zigubu amene tonse tinagulapo pa nthawi yosowa mafuta. Sinthani fyuluta ya dizilo, khuthulani madzi, tsukani thanki, muyese lift pump (kapampu kokoka dizilo kuchokera m'thanki), mufufuzenso ngati mapaipi okalamba sakuyamwa mpweya. Pali kenanso kamene anthu amakaiwala. Injini itazima, wina aponde moto mpaka pansi inu mukuyang'ana kachitsulo ka pa pampu. Nthawi zambiri sikafika kumapeto chifukwa zolumikiza zinatha, ndipo munthu amayenda chaka chathunthu ndi moto wosakwana.

Kilachi ikatha mudzaidziwa mosavuta: mu giya yapamwamba pamtunda injini imakwera kulira koma liwiro osasintha, ndi fungo lopserera. Mabuleki ogwira nawonso, mukayenda makilomita angapo osawaponda kwambiri, donthezani madzi pa dilamu iliyonse. Imene ikuchita thovu pomwe zinzake zili zofunda chabe ndiyo ikukubwezani mmbuyo.

Za pampu ndikukanizani chifukwa ndinaziona ndi maso. Bambo wina amene ankatuta mchenga ndi Bedford anatsegulitsa pampu kwa munthu wopanda makina oyesera. Sabata yoyamba anasangalala, lole ikulusa, utsi uli tolotolo. Sabata yachitatu tinakaikoka pakati pa Luchenza ndi Thyolo. Titatsegula hedi ya injini tinapeza pisitoni imodzi itasungunuka m'mphepete ngati sera, pomwe vuto lake loyamba linali fyuluta yodzaza matope. Ndinamva chisoni, chifukwa lole ija ndi imene inkalipirira ana fizi. Dizilo wambiri popanda mpweya wokwanira ndi kutentha basi, ndipo pamtunda wautali mutasenza kutenthako kulibe kothawira. Ngati pampu ndi ma injector (timanozo topopera dizilo m'masilinda) zikukayikitsadi, zichotsedwe zikayesedwe pa benchi kwa odziwa, zibwerere pamuyeso wa kufakitale.

Ndipo matani 4 ndi matani 4, bambo. Nthochi zimanyenga, mikoko imaoneka yochepa koma ndi madzi okhaokha. Mapolo aawisi a bulugamu ndiye kuposa apo.

FUNSO: Ndili ndi Bedford MJ yomwe ndimanyamulira nanazi ndi njerwa. Ndikaika matayala akuluakulu, kodi sizithamanga? — Dalaivala wa pa Chitakale, Mulanje

YANKHO: Achimwene, pamalo osalala ngati ku Thuchila mudzapezako liwiro pang'ono, chifukwa tayala lalikulu limayenda mtunda wautali likazungulira kamodzi. Koma mphamvu yonyamukira ndi yokwerera idzatsika ndi mlingo womwewo, ndipo MJ ilibe yapadera yoti n'kutayako. Kilachi idzatha msanga ponyamuka ndi njerwa, mabuleki adzavutika kuimitsa, ndipo sipidomita izidzakuwonetsani liwiro lochepa kuposa limene mukuyenda. Khalani pa 12.00-20, onse anayi ofanana, mpweya wokwanira. Ndipo pa MJ kukoka kwa kutsogolo muzikuchotsa mukangotuluka m'matope, musanafike patala.