Funsani Dokotala: Mankhwala olimbitsa mafupa akundipatsa chilungulira, kodi ndiwasiye?

Funso: A dokotala, ndine mayi wa zaka 63 ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Johannesburg. Chaka chatha ndinaterereka m'bafa n'kuthyoka dzanja, ndipo atandijambula anati mafupa anga ndi ofooka, matenda amene amawatcha osteoporosis. Anandipatsa alendronate woti ndizimwa kamodzi pa sabata, koma ndikangomwa ndimamva chilungulira, komanso mnzanga wa kutchalitchi wandiuza kuti mankhwalawa amawoletsa nsagwada. Ndimamwanso ma ARV. Kodi ndiwasiye? Mayi a ku Rosettenville.

Yankho: Mayi, musasiye mankhwalawa mwakachetechete, koma musangopiriranso chilunguliracho, chifukwa njira zonse ziwirizi zili ndi ngozi yake. Fupa ndi chinthu chamoyo, ndipo nthawi zonse maselo ena amagumula fupa lakale pamene ena akumanga latsopano. Mayi akasiya kusamba, timadzi ta estrogen timachepa m'thupi, kugumula kumaposa kumanga, ndipo fupa limakhala ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe, yooneka yolimba kunja pamene mkati mwatsala mphako. Kuthyoka dzanja chifukwa chongoterereka ndi chenjezo lakuti msana kapena fupa la m'chiuno lingatsatire. Mwa okalamba amene amathyoka fupa la m'chiuno, mmodzi mwa asanu kapena kuposerapo amamwalira chaka chisanathe, ndipo ambiri mwa otsalawo sayendanso monga kale. Alendronate, amene wakhala akuperekedwa kuyambira 1995, amachepetsa ngozi yothyoka msana ndi chiuno ndi pafupifupi theka mwa amayi amene anathyokapo kale fupa ngati inu.

Chilungulira chimene mukumva nthawi zambiri chimachokera pa kamwedwe. Piritsi limeneli limawotcha kum'mero likachedwa kutsika kapena likabwerera kuchokera m'mimba, choncho liyenera kumezedwa lathunthu, osatafuna kapena kuyamwa, m'mawa mukangodzuka musanalawe kanthu, ndi tambula yodzaza ya madzi wamba, pafupifupi mamililita 200. Madzi a pampopi a kuno ndi abwino. Mukatero mukhale tsonga kapena muyende kwa mphindi zosachepera 30, ndipo musagone mpaka mutadya chakudya cham'mawa. Ndimaona kawirikawiri mayi amene amadzuka 4 koloko kuti akakwere takisi, n'kumeza piritsi ndi kamadzi ka m'dzanja, kenako akangofika kuntchito n'kuyamba kuwerama poyala mabedi ndi kukolopa. Wina amamwa Lamlungu m'mawa, koma chifukwa cha kuzizira kwa mu June amabwereranso m'bulangete. Onsewa amadandaula za kutentha pamtima. Sankhani tsiku limene simugwira ntchito, mumwe mutavala kale, ndipo mphindi 30 zimenezo muzigwiritse ntchito pa zinthu zosafuna kuwerama.

Za tiyi ndinenepo mwamphamvu, chifukwa apa ndi pamene ambiri amataya mankhwala awo osadziwa. Mwa mamiligalamu 70 amene ali m'piritsi, gawo lolowa m'magazi silikwana n'komwe 1 peresenti ngakhale mutamwa bwinobwino, ndipo tiyi, khofi, mkaka, phala, juwisi kapena mapiritsi a kashiamu zikakumana nalo m'mimba zimachepetsanso kachigawo kochepako. Mukaiwala tsiku lanu, imwani m'mawa wotsatira tsiku limene mwakumbukira, kenako mubwerere pa tsiku lanu la masiku onse, koma musamwe awiri tsiku limodzi. Pewaninso Brufen, diclofenac ndi mankhwala a ufa a mutu monga Grand-Pa, amene ali ndi aspirin, chifukwa amawonjezera zilonda zam'mimba. Paracetamol ndi amene mungamwe mukamva ululu.

Ngati mwatsatira zonsezi koma chilungulira chikupitirira, kapena mukumva kupweteka pomeza, chakudya chikuima pakhosi, pachifuwa pakupweteka, mwasanza magazi kapena chimbudzi chikutuluka chakuda bii, musamwe piritsi lotsatira, ndipo pitani kuchipatala msanga. Kumeneko sikutha kwa chithandizo. Pali zoledronic acid, amene amaperekedwa m'diripi kamodzi pa chaka ndipo sadutsa kum'mero n'komwe, malinga ngati impso zayezedwa n'kupezeka kuti zikugwira bwino ntchito. Diripi yoyamba imatha kubweretsa kutentha thupi ndi kuphwanya m'mafupa kwa masiku awiri kapena atatu, zimene zimachepa ndi paracetamol ndi kumwa madzi ambiri. Koma amene wangobwera kumene kuchokera kumudzi asafulumire kunena kuti ndi diripi. Akayezetse malungo, ndipo awauze anamwino kuti anali ku Malawi, popeza kuno malungo si matenda amene amayamba kuwaganizira.

Mnzanu wa kutchalitchi sananame, koma wakuuzani nkhani yosakwanira. Kufa kwa fupa la nsagwada kumachitikadi, makamaka kwa odwala khansa amene amalandira mankhwala a mtundu umenewu ochuluka kwambiri komanso pafupipafupi. Kwa amene akumwa piritsi la sabata monga inu, zimagwera pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10,000 mpaka 100,000 pa chaka, ndipo kawirikawiri zimayamba pambuyo pozula dzino m'kamwa momwe muli kale matenda a nkhama. Tsukani mano kawiri pa tsiku, kaonetseni mano obooka asanafike poti azulidwe, ndipo dokotala wa mano aliyense mumuuze dzina la mankhwalawa asanakugwireni. Chilonda cha m'kamwa chimene sichikupola pakatha milungu ingapo chikaonedwe. Chinanso chosowa koma choyenera kuchidziwa ndi kung'aluka kwa fupa la ntchafu mwa amene amwa mankhwalawa zaka zambiri, ndipo chizindikiro chake ndi ululu wosatha pantchafu kapena m'mphechepeche popanda kugwa. N'chifukwa chake pakatha zaka 5 za mapiritsi, kapena zaka 3 za diripi, dokotala amaunikanso ngati mungapume kaye kapena mupitirize.

Mwachita bwino kutchula ma ARV. Ambiri kuno akumwa piritsi la TLD, ndipo tenofovir amene ali mmenemo amatha kuchepetsa kulimba kwa mafupa komanso kukhudza impso. Musasiye ma ARV ngakhale tsiku limodzi, koma akukliniki yanu adziwe kuti mwapezeka ndi osteoporosis, kuti ayeze impso ndi kuona ngati kuli koyenera kukusinthirani mtundu wina. Alendronate sasemphana ndi ma ARV. Amene amasemphana ndi ma ARV ndi mapiritsi a kashiamu, chifukwa amagwira m'mimba dolutegravir, mankhwala enanso amene ali mu TLD. Muziwamwera limodzi pokhapokha ngati mukudya chakudya, apo ayi imwani ARV maola 2 musanamwe kashiamu kapena maola 6 mutamwa kashiamu. Thupi lanu limafuna mamiligalamu 1,000 mpaka 1,200 a kashiamu pa tsiku, ndipo ine ndimakonda kuti ochuluka achokere m'mbale: usipa, matemba ndi kapenta zodyedwa ndi minga yake, nsomba za m'chitini, amasi, bonongwe ndi nkhwani. Vitamini D nayenso ayezedwe kapena aperekedwe, chifukwa munthu wochoka kunyumba kusanache n'kubwera kutada salandira dzuwa lokwanira ngakhale akukhala mumzinda wadzuwa ngati uno.

Funso: A dokotala, mayi anga a zaka 71 amabayitsa jakisoni wolimbitsa mafupa wa Prolia miyezi 6 iliyonse. Akufuna kupita kwathu ku Mzimba mu December ndipo akuti abwera mvula ikatha, koma jakisoni wotsatira ndi wa mu February. Kodi pali vuto akachedwa miyezi ingapo? Bambo a ku Cosmo City.

Yankho: Bambo, vuto lilipo ndipo ndi lalikulu, choncho nkhaniyi muikonze matikiti a basi asanagulidwe. Prolia, amene dzina lake lenileni ndi denosumab, ndi wosiyana ndi mankhwala amene ndafotokoza pamwambapa. Alendronate ndi zoledronic acid amakhazikika m'fupa ndipo amapitiriza kuteteza kwa nthawi ndithu munthu atasiya, pamene denosumab mphamvu yake imatha miyezi 6 ikakwana. Ikatha, maselo ogumula fupa aja amadzuka ndi mphamvu yoposa kale, mafupa amabwerera pamene anali m'kati mwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ena amathyoka mafupa angapo a msana nthawi imodzi osagwa n'komwe. Jakisoni asachedwe kupitirira mwezi umodzi.

Pitani ndi mayi kwa dokotala amene amawabaya, mukamuuze masiku enieni a ulendowo. Mwina ulendo ungafupikitsidwe kuti abwere mu February, mwina angabayitse kaye n'kunyamuka pambuyo pake, kapena dokotala angawasinthire ku alendronate kapena diripi ya zoledronic acid pa nthawi yoyenera kuti atseke mpatawo. Sindikulimbikitsani kunyamula jakisoniyo pabasi, chifukwa amafunika kusungidwa mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo ulendo wodutsa Beitbridge, Harare ndi Tete m'nyengo yotentha ya December ndi wautali kuti kuzizira kumeneko kusungike. Komanso wowabaya ayenera kutsimikiza kaye kuti kashiamu wa m'magazi si wochepa, makamaka ngati impso zawo zafooka. Anyamule kalata yolembedwa dzina la mankhwala, mlingo wake wa mamiligalamu 60 ndi tsiku limene anabayitsa komaliza. Akakhala kumudzi n'kumva msana kuwawa mwadzidzidzi, zala kapena milomo kuchita dzanzi, kapena minofu kukokana, apite kuchipatala cha boma cha ku Mzimba tsiku lomwelo ndi kalatayo m'manja, ndipo inu akudziwitseni kuti mulankhule ndi dokotala wawo wa kuno.