Za magetsi a pamkono ndi timawaya ta kumutu

Achemwali, mwafunsa kuti madokotala amafuna kuona chiyani akamaika munthu timawaya kumutu kwinaku akumulasa ndi timagetsi pamkono, ndiponso ngati zimapweteka. Kuyezako amakutchula kuti SSEP. Maganizo a munthu sawaona ayi. Chimene amafuna n'kudziwa nthawi imene uthenga umatenga kuchoka pamkono kukafika ku ubongo, komanso ngati ukufikako uli ndi mphamvu.

Pamkono, pamalo pamene timavala wotchi, pamadutsa mtsempha wa mauthenga wotchedwa median. Pamenepo amaikapo kachipangizo kotulutsa magetsi ochepa, kangapo pa sekondi iliyonse, mpaka chala chachikulu chiyambe kugwedezeka chokha. Kupweteka kwenikweni kulibe, kungoti kumasowetsa mtendere pang'ono. Timawaya tina amatimata pansi pa khosi chakuphewa, kumbuyo kwa khosi ndi pamutu, kuti tizitchera uthengawo ukamadutsa. Chakuphewa umafika patapita mamilisekondi pafupifupi 9, pakhosi 13, ku ubongo 20 (mu sekondi imodzi muli mamilisekondi 1,000). N'chifukwa chake pa pepala la zotsatira mumaona N9, N13 ndi N20. Akayeza mwendo, kuyambira pa kakolo, zimatenga pafupifupi 40 poti ulendo wake ndi wautali. Komanso musadabwe kuona kuti akalasa mkono wamanja, mbali yakumanzere ya ubongo ndiyo imayankha. Mitsempha imeneyi imapingasa isanafike kumtunda.

Kwa ine chosangalatsa kwambiri ndi mmene amapezera yankholo. Ndi laling'ono zedi, ndipo limamira mu magetsi ena amene ubongo umatulutsa nthawi zonse, ngati munthu wonong'ona pakati pa chikhamu chophokosera. George Dawson, katswiri wofufuza za ubongo ku London, ndi amene anayamba kuthana ndi vutoli. Mu 1947 ankasanjikiza zithunzi za mizere yambiri yosonyeza magetsi a mu ubongo kuti aone pamene ikufanana, kenako m'zaka za m'ma 1950 anapanga makina ophatikiza mayankhowo. Masiku ano kompyuta imabwereza kulasako kambirimbiri. Phokoso limabwera mwachisawawa ndiye limafafanizana lokha, pamene yankho lenileni limabwera pa nthawi yomweyomweyo ndipo limatsala poyera.

Phindu lake ndi lakuti amadziwa pamene njira yatsekeka. N9 ikabwera bwino koma N20 n'kuchedwa, vuto silili m'mkono, lili mumsana kapena mu ubongo. Amagwiritsa ntchito njirayi pa matenda a multiple sclerosis, amene amawononga mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, komanso pa opaleshoni yowongola msana. Wodwala ali mtulo, oyezawo amaonetsetsa mizereyo, ndipo ikatsika ndi theka dokotala amachenjezedwa msana usanavulale mpaka kalekale. Kwa munthu amene wakomoka mtima utaima, kusowa kwa N20 mbali zonse ziwiri ndi chizindikiro choipa, ngakhale madokotala sagamula ndi chimenechi chokha.

Koma wina asakuuzeni kuti zotsatira zikatuluka bwino ndiye kuti ululu wanu ndi wongonamizira. Kuyezaku kumatsata njira ya kukhudza ndi kunjenjemera. Ululu ndi kutentha zimadzera njira ina mumsana, ndipo zimenezo amaziyeza mwanjira ina, nthawi zina ndi kuwala kotentha kwa laser.

Tsiku lokayezetsa musambe m'mutu, musadzole mafuta. Mukagona pabedipo mumasule thupi, chifukwa kukukuta mano kapena kuumitsa khosi kumasokoneza mizere. Ngati manja azizira muwauze, poti mtsempha wozizira umachedwetsa uthenga.